Ntchito ya Ugemu Imayambira Padziŵe

Aphunzitsi anu andipempha kuti ndikambe za ntchito imene ndinagwira kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi mukuonazi. Ine ndinali wa gemu. Ndaona ena mwayamba kale kuyang'anana. Musaope, sindinabwere kudzafunsa za misampha ya munthu aliyense.

Kodi mukamva mau oti "agemu" mumaganiza chiyani? Ambiri mumaganiza za mfuti, jombo ndi kuthamangitsana ndi anthu opha nyama mozemba. Inenso ndinkaganiza chomwecho. Tsiku limene ndinafika pamsasa wanga woyamba, mtima wonse unali pamfuti. Mkulu wa pamsasapo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anandipatsa fosholo, sipanala, pensulo ndi kabuku kofiira. Anati, "Mwana wanga, mfuti idikire. Yamba wadziŵa madzi."

Ndinakhumudwa kwambiri. Ndinati kodi ndachoka kwathu konse kuja kudzagwira fosholo? Koma mkulu uja sananame. Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene mnyamata kapena mtsikana amachita m'zaka zake zoyamba pantchito imeneyi. Mwina mwana wanu adzaifuna. Ndi bwino mudziŵiretu chimene akukaloŵa.

Chifukwa chiyani madzi?

Inu muli ndi ziŵeto. Mukudziŵa mmene ng'ombe zimavutira mwezi wa Okotobala, dzuŵa likaswa mtengo. Nyama za kutchire ndi chimodzimodzi. Njati imafuna kumwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo imodzi imatha zidebe 2 za malita 20. Tiyeni tiŵerengere limodzi. Njati 100 ndiye kuti zidebe 200. Ameneŵa ndi malita 4,000 tsiku limodzi lokha. Njobvu yaikulu payokha imatha zidebe 5 kapena kuposa apo. Nanga madzi akasoŵa, nyama zonsezi zipita kuti? Zibwera kwa inu, kudimba ndi kuchitsime kwanu.

Titenge chitsanzo cha Lengwe, m'boma la Chikwawa, kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Malo ameneŵa anapatulidwa kuti akhale a nyama m'chaka cha 1928, ndipo mu 1970 anakhala National Park. Anapatulidwa makamaka chifukwa cha nyama yokongola yotchedwa boo, imene m'mabuku ambiri amailemba kuti nyala. Yaimuna ndi yoderako, ya nyanga zopota. Yaikazi ndi yofiirira, ya mizere yoyera, ndipo ilibe nyanga. Mukapitirira chigwa cha Shire kuloŵera kumpoto, boo sapezeka mwachilengedwe.

Koma ku Lengwe mvula ndi yochepa. Mitsinje yake ndi ya mchenga, imayenda dzinja lokha. Kalekale nyama zinkatha kutsikira ku Shire kukamwa. Lero pakati pa nkhalango ndi mtsinje pali midzi ndi minda. Choncho madzi amachita kupopedwa ndi kuthiridwa m'maiŵe okumba anthu. Ndipo dziŵe lokumba munthu limafuna munthu wolisamala. Kaŵirikaŵiri munthu ameneyo ndi uja wangoyamba kumene ntchito.

Tsiku la wophunzira ntchito

Umadzuka kusanache. Umayamba waona injini: kodi dizilo alimo? Nanga oyilo? Masiku ano malo ambiri aika mapampu oyendera dzuŵa, a sola aja, koma nawonso amafuna kupukuta fumbi ndi kuwateteza kwa anyani ndi akuba. Ukachoka apo umatsata paipi wapansi, kuyambira pamjigo mpaka padziŵe. Paipi imabooka. Njiri zimafukula pamene pakununkha chinyezi. Mizu ya mitengo imaloŵa polumikizira.

Ukafika padziŵe suthamangira kugwira fosholo. Umayamba waŵerenga pansi. Matope a padziŵe ali ngati tsamba la buku. Amakuuza kuti usiku kunabwera njati zambiri, nswala zochepa ndi fisi mmodzi. Amakuuzanso ngati panaponda phazi la munthu. Opha nyama mozemba nawonso amadziŵa kuti m'chilimwe nyama zonse zimadzera kumadzi, ndiye amatchera misampha ya waya m'tinjira topita kudziŵe. Wophunzira ntchito amachotsa misampha yambiri asanagwireko mfuti.

Ukatero ndiye fosholo. Njati ndi njiri zimakonda kugubuduka m'matope, ndipo dziŵe limakwiririka msanga. Ukalilekerera, matope amakhala akuya ndipo ana a nyama amatitimira momwemo. Pomaliza umalemba zonse m'kabuku: tsiku, kuchuluka kwa madzi, mapazi amene waona, misampha imene wachotsa.

Bodza langa la masiku atatu

Pano ndiulule mlandu wanga. Chaka changa choyamba, mwezi wa Novembala mvula isanagwe, kunatentha koopsa. Dziŵe lina linali kutali, ulendo wa maola aŵiri wapansi. Ndinachita ulesi. Ndinkangoyatsa injini, ndikamva ikulira bwino ndinkakhala pamthunzi. M'kabuku ndinkalemba kuti, "Madzi ali bwino." Ndinatero masiku atatu.

Osadziŵa kuti paipi inali itaduka pakati panjira. Madzi onse ankangothera mumchenga.

Tsiku lachinayi m'mamaŵa kunabwera a nyakwaŵa a mudzi woyandikana nafe, pamodzi ndi mayi wina wachikulire. Njati zinatuluka usiku kufunafuna madzi. Zinatsikira kudimba kwa mayiwo ndi kupondaponda chimanga chonse, chimene chinali chitayamba kale ngaiyaye. Mayiwo sanalalate. Anangoti, "Ana anga, nanga adzukulu aja ndiwapatsa chiyani?"

Mkulu wathu anatenga kabuku kanga naŵerenga mokweza pamaso pa onse: "Madzi ali bwino. Madzi ali bwino. Madzi ali bwino." Kenaka tinayenda tonse kukaona dziŵe. Tinapeza matope ong'ambika okhaokha. Chapafupi panali nswala yakufa, miimba ili pamwamba.

Sanandichotse ntchito. Anandituma kukathandiza mayi aja kubzalanso dimba, masabata aŵiri, madzulo alionse ndikaŵeruka. Kunena zoona, kulimako sikunandiŵaŵe. Chinandiŵaŵa ndi chakuti mayiwo ankandipatsa nsima tsiku lililonse.

Madzi ochuluka nawonso ndi vuto

Mwina mukuti, basi kumbani maiŵe ambiri, nkhani yatha. Sizili choncho. Ku Lengwe komwe kuja, madzi atayamba kupezeka chaka chonse, boo anaswana kwambiri. Anadya zitsamba zonse zozungulira maiŵe mpaka tchire linayera. M'zaka za m'ma 1980 boma linachita kupha ena mwadala kuti otsalawo apeze chakudya. Mukuona? Pamene pali madzi nyama sizichokapo, ndipo msipu wa pamenepo supuma. Nchifukwa chake nthaŵi zina akuluakulu amalamula kutseka dziŵe limodzi ndi kutsegula lina kutali. Kuti aganize bwino zimenezi amadalira timabuku tija ta anyamata. Kabuku kabodza kamasocheretsa ofesi yonse.

Thabwa la manambala

Ena amatumizidwa kumalo kumene madzi si opopa koma a mtsinje, nyanja kapena dambo. Kuli Liwonde National Park m'mbali mwa Shire. Kuli Vwaza Marsh kumpoto, kufupi ndi Rumphi, kumene kuli nyanja yaing'ono ya Kazuni ndi mtsinje wa South Rukuru. Kumeneko ntchito yoyamba ndi kuŵerenga thabwa loyezera madzi.

Mwina munaliona pamlatho wina. Ndi thabwa kapena chitsulo choimika m'madzi, cholembedwa mizere ndi manambala ngati rula ya mwana wa sukulu. M'maŵa umaona pamene madzi alekeza, numalemba. Madzulo chimodzimodzi. Mvula igwe, dzuŵa liŵale, kaya ndi pa Khirisimasi. Ntchito yake ndi yotopetsa chifukwa nambala ya lero siisiyana kwenikweni ndi ya dzulo. Koma manambala a zaka zambiri akaikidwa pamodzi amalankhula.

Tamverani izi. Kodi mukudziŵa kuti mtsinje wa Shire unalekapo kutuluka m'nyanja ya Malaŵi? Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri, ndipo mchenga ndi bango zinatseka potulukira. Tikudziŵa zimenezi chifukwa panali anthu amene ankayeza ndi kulemba. Mu 1965 anamanga zitseko za madzi pa Liwonde, zotchedwa Kamuzu Barrage, kuti madzi opita kumakina a magetsi ku Nkula azipita mwa muyezo. Pambuyo pake anaonjeza makina ku Tedzani ndi ku Kapichira. Zitseko zimenezi zikatsekedwa, madzi amakwera chakumtunda, m'madambo a nkhalango ya Liwonde. Zikatsegulidwa kwambiri, madzi amatsika. Mvuu, ng'ona ndi mbalame zoikira mazira m'mbali mwa mtsinje zimakhudzidwa. Wa gemu ndiye amaona ndi maso ndi kupereka lipoti.

Thabwa lomwelo limapulumutsanso anthu. Mukukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Munthu woŵerenga thabwa kumtunda akaona madzi akukwera mofulumira, angathe kuimba foni kuti a kumunsi asamuke nthaŵi ikadalipo.

Dambo ndi nkhokwe ya madzi

Anthu ena amaona dambo ngati malo otayika, a udzudzu okhaokha. Ine ndimati dambo ndi nkhokwe. Dzinja limalandira madzi ndi kuwasunga m'bango, m'gumbwa ndi m'matope. Chilimwe limawatulutsa pang'onopang'ono. Mukalima mpaka m'kamwa mwa mtsinje ndi kutentha bango lonse, madzi a dzinja amangodutsa ndi liŵiro, kukaononga kumunsi, ndipo chilimwe mtsinje umauma.

Maiko a dziko lapansi anagwirizana zosamala madambo pamsonkhano umene unachitika mumzinda wa Ramsar, ku Iran, pa 2 Febuluwale 1971. Nchifukwa chake pa 2 Febuluwale chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira madambo. Kuno kwathu malo oyamba kulembedwa m'pangano limeneli anali nyanja ya Chilwa, mu 1996. Mu 2017 analembanso Elephant Marsh, dambo lalikulu la pakati pa Chikwawa ndi Nsanje. Dzinalo limatanthauza dambo la njobvu. David Livingstone podutsa pamenepo mu 1859 analemba kuti anaona njobvu pafupifupi 800. Lero kulibe ndi imodzi yomwe, kunangotsala dzina. Koma nsomba ziliko, mbalame ziliko, ndipo chaka cha njala anthu amakakumba nyika m'madzi momwemo kuti apulumuke.

Chilwa ndi Elephant Marsh si nkhalango za mpanda ayi. Anthu amakhala momwemo, amaŵedza, amalima mpunga, amadula bango. Choncho wogwira ntchito kumeneko sangathamangitse munthu. Ayenera kukhala pansi ndi asodzi, osaka mbalame ndi mafumu. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiponso ndi yosaya. Imadalira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, imauma. Inauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato ali gwa pamatope ku Kachulu. Nyanja ikauma, matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiŵe otsala m'mitsinje. Zimenezo ndizo mbeu. Mukazikokolola zonse ndi masikito, kapena kuthira mankhwala m'dziŵe, nyanja idzabwerera koma nsomba zidzachedwa. Kufotokozera munthu wanjala zimenezi si chinthu chapafupi. Ine ndinaona kuti kulankhula ndi anthu ndi kovuta kuposa kuyenda usiku pakati pa njati.

Kuŵerenga mbalame ndi kulimbana ndi namasupuni

Ntchito ina imene achinyamata amaikonda ndi kuŵerenga mbalame za m'madzi. Kaŵirikaŵiri imachitika mu Januwale ndi mu Julayi. Mumakwera bwato m'mamaŵa, wina akupalasa, wina akuyang'ana, wina akulemba. Atsekwe angati, akakoŵa angati, abakha a kutchire angati, nkhwazi zingati. Mwina mufunsa kuti, gulu la mbalame likauluka munthu angaŵerenge bwanji? Nayi nzeru yake. Umaŵerenga 10 zoyamba ndi kuona kukula kwa kagulu kameneko. Kenaka umayesa ndi maso kuti timagulu totere tilipo tingati. Tikakhala 30, ndiye kuti mbalame zilipo pafupifupi 300. Poyamba umaphonya kwambiri, koma diso limazoloŵera.

Zina mwa mbalame zimenezi ndi alendo. Zimachokera ku Ulaya ndi ku Asia, kuthaŵa chisanu, ndipo zimakhala nafe nyengo ya dzinja. Tsiku lina mukadzapeza mbalame yakufa ili ndi kamphete kachitsulo kumwendo, musadzataye. Pakamphetepo pamakhala nambala ndi dzina la malo. Tsopano poti mumatha kuŵerenga, dzakopereni papepala ndi kukapereka kwa agemu.

Namasupuni mukumudziŵa, udzu woyandama wa maluŵa okongola uja. Kwao ndi ku South America. Kuno alibe mdani, ndiye amaswana mpaka kuphimba madzi. Bwato silidutsa, ukonde suponyeka, nsomba zimabanika, ndipo akakokoloka amakatseka makina a magetsi. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa tizilombo tofanana ndi anankafumbwe, timene timadya namasupuni yekha. Tinathandiza ndithu, koma sitinamuthe. Mpaka lero pamafunika anthu omuvuula ndi oona ngati wayamba kumera malo atsopano.

Zoopsa zake

Sindikufuna kukunamizani kuti ntchitoyi ndi yokoma yokhayokha. Mvuu imagubuduza bwato, makamaka ikakhala ndi mwana. Ng'ona imaloŵeza malo amene munthu amatungapo madzi tsiku ndi tsiku, choncho tinkaphunzitsidwa kusinthasintha potungira. Malungo ndi osanena. Likodzo limaloŵa pakhungu ukamayenda m'madzi odikha mmene muli nkhono, ndipo ine ndinamwapo mankhwala ake kangapo. Ku Vwaza, ku Nkhotakota ndi ku Kasungu kuli kashembe, ntchentche yopatsa matenda a kaodzera. Munthu wa kumeneko akamadwala mutu ndi kutentha thupi, koma mankhwala a malungo osathandiza, apite msanga kuchipatala akanene kuti analumidwa ndi kashembe.

Palinso ichi. Chakumapeto kwa 2018 mvuu zoposa 20 zinafa mumtsinje wa Shire ku Liwonde. Atayeza anapeza kuti ndi matenda a anthrax. Tizilombo take timagona m'dothi zaka zambiri, ndipo timavuta kwambiri madzi akatsika, nyama zikamadya msipu waufupi pamodzi ndi dothi. Matendaŵa amagwiranso munthu. Chonde, amayi ndi abambo, nyama yodzifera musadye, musasende, ngakhale nkhuli itavuta chotani. Wa gemu akaletsa kutenga nyama yotere sikuti ndi nkhanza.

Koma chimene chimagwetsa ulesi achinyamata ambiri si mvuu kapena ng'ona. Ndi kusungulumwa. Msasa uli kutali, anzako a kusukulu ali m'tauni, malipiro ndi ochepa, ndipo pamudzi woyandikana nawo ena sakuyankha moni chifukwa unachotsa misampha yao. Ena amasiya chaka chisanathe. Sindiwaweruza, inenso ndinamangapo katundu kaŵiri.

Mwana wanu akaifuna ntchitoyi

Choyamba, amalize sukulu. Masiku ano pofuna kulemba agemu amafunsa satifiketi ya Fomu 4, ndiponso amayesa mphamvu za thupi monga kuthamanga ndi kuyenda mtunda wautali atasenza katundu. Atsikana nawonso amalembedwa, ndipo ndinagwirapo ntchito ndi ena amene ankaposa amuna pakusunga kabuku. Ku Dedza kuli sukulu ya boma yophunzitsa za nkhalango ndi nyama za kutchire, Malawi College of Forestry and Wildlife. Ena amene achita bwino amakapitiriza maphunziro ku Mweka, m'dziko la Tanzania, sukulu imene inatsegulidwa mu 1963. Olemba ntchito ndi nthambi ya boma yoona za nyama za kutchire, komanso mabungwe ogwirizana ndi boma monga African Parks, imene inayamba kuyang'anira Majete mu 2003, ndipo Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Malo a ntchito akapezeka amalengeza m'nyuzipepala ndi pawailesi. Wina akakuuzani kuti mumpatse ndalama kuti mwana wanu alembedwe, ameneyo ndi wakuba.

Chachiŵiri, asadikire kalata ali manja lende. Ngati kwanuko kuli komiti ya zachilengedwe, kapena gulu la asodzi la m'mbali mwa nyanja, aloŵe. Aphunzire kusambira ndi kupalasa bwato. Afunse agogo ake maina a mbalame, a nsomba ndi a udzu wa m'dambo, ndiponso zaka zimene mtsinje wa kwanuko unauma kapena kusefukira. Azilemba zimenezo m'kope. Ine zambiri za madzi ndinaphunzira kwa msodzi wina wokalamba amene sanapondeko m'kalasi. Iye ankati akaona kumene mbalame zamanga zisa m'bango, amadziŵa pamene madzi alekeze chaka chimenecho. Nthaŵi zina ankalondola, nthaŵi zina ankaphonya. Ine ndinkalemba zonse ziŵiri, mau ake ndi nambala ya pathabwa.

Ndipo si ana okha. Oŵerenga thabwa la pamtsinje ambiri ndi anthu a m'mudzi ngati inu nomwe, osati agemu. Chofunika ndi kudziŵa manambala, kukhala pafupi ndi mtsinje, ndi kulemba chimene maso aona.

Aphunzitsi akundikodola kuti nthaŵi yatha. Ndisanakhale pansi, tiyeni tiyese pang'ono. Tengani makope anu. Lolemba m'maŵa madzi anali pa masentimita 140. Lachisanu m'maŵa anali pa masentimita 115. Kodi madzi akwera kapena atsika? Ndi masentimita angati? Ndipo ngati apitirira chomwecho, Lachiŵiri la sabata yamaŵa adzakhala pa nambala yanji? Amene wapeza aimike mkono, ndibwera kudzaona.